Mvula ya kwa Kachikho Imayezedwa ndi Mtsikana

Sikola ya kwa Kachikho,
Kumtunda kwa Lifidzi, Angoniya.
7 Agosito 1972

Kwa Bwana Mlembi Wamkulu wa Nthambi Yotukula Midzi, ku Vila.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndaomba m'manja katatu, chipewa chili pansi. Ndine Basilio Kamtedza, mphunzitsi wa kasikola kofoleredwa ndi udzu ka kwa Kachikho. Mwina simungandikumbukire, pakuti mutu wanu umasenza Angoniya yense, koma ndine uja mudandigwira chanza chaka chatha, ndipo dzanja limenelo lidakhala masiku awiri lisadaone madzi.

Ndabwera ndi nkhani ya mwana wa m'kalasi mwanga, Zita Bonifasiyo, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu. Chaka chilichonse nthambi yanu imasankha mwana mmodzi m'dera lino n'kumupatsa bolosa, kuti boma likamuphunzitse za nthaka, mbewu ndi nyengo ku sikola yaikulu ya ku Tete. Pa mayeso a chaka chino Zita adaposa onse. Inu dzina lake mudalidula ndi cholembera chofiira. Galimoto ya ana opita ku Tete inyamuka pa 4 Setembulo, ndipo Zita akapanda kukweramo, Loweruka la sabata yomweyo kuli chinkhoswe chake, akukwatiwa. Nkhani yonse ndi imeneyo, Bwana. Zotsalazi n'zothokoza basi.

Mundikhululukire polemba m'Chinyanja. Ndidakulemberani kawiri m'Chipwitikizi, pa papelo selado, pepala la mizere lija timagula ku sekeretariya kwanu, liwu lililonse nditaliyang'ana kaye m'buku. Ndikudziwa kuti makalatawo adafika bwino, chifukwa mnzanga wina amene adalowa m'chipinda chanu adaona imodzi itapindidwa kanayi pansi pa mwendo wa gome lanu kuti lisamagwedere. Ndidakondwa kumva kuti Chipwitikizi changa chikuchirikiza boma. Ino ndati ndiyese chilankhulo chimene ndimalotera. Ndaikopera katatu: ina ikhomedwa pa mkuyu wa pamsika, ina iwerengedwa Lamulungu anthu akamatuluka m'mapemphero, ina ndi iyi ili m'manja mwa womasulira wanu, a Justino. A Justino ndikuwapempha ngati mbale kuti akafika pa mfundo yachitatu asayambe chifuwa n'kudumpha mizere.

CHOYAMBA, ndikuthokozani chifukwa cha chibekete choyezera mvula.

M'chaka cha 1968 mudatumiza zibekete khumi ndi ziwiri m'masikola a m'dera lino. Chibekete chake n'cha kukamwa kotambalala, chimakhala pa nsanamira pabwalo, ndipo chimabwera ndi kabotolo kolembedwa timizere ta mamilimita. Lamulo lidati m'mawa uliwonse mphunzitsi azithira madzi a m'chibekete m'kabotolo, aziwerenga, azilemba pa pepala, ndipo mwezi ukatha azitumiza pepalalo kwa inu. Anthu athu adalandira mphatsoyi ndi ulemu wonse. Ku sikola ina mlonda ankati mitambo ikangoda, iye n'kuzula chibeketecho kukachibisa m'nyumba, poopa kuti katundu wa boma anganyowe, iye n'kupalamula mlandu. Kwina mayi wa kunyumba kwa mphunzitsi adaona kuti kabotolo kaja kamayeza kachasu mosakondera, ndipo ogula adaleka kukangana. Kwinanso mphunzitsi ankadikira tsiku lomaliza la mwezi n'kuitana madala awiri kuti amukumbutse momwe idagwera. Ameneyo ndi uja adakutumizirani mvula ya pa 30 Fevereru.

Tsono ine, Bwana, ndiulule. Timizere ta pa kabotolo tija n'tating'ono, maso angawa adatha ndi zolemba za ana, ndipo maondo anga amadana ndi mame. Ndidayesa sabata imodzi, kenaka ntchitoyo ndidaipereka kwa anyamata akuluakulu, poti nanenso ndinkakhulupirira kuti zoyezayeza n'zachimuna. Anyamatawo adachipezera chibeketecho ntchito ina imene sindingaitchule m'kalata yopita kwa munthu wa ulemu wanu. Ndingoti tsiku lina kwa Kachikho kudagwa mamilimita makumi anayi dzuwa likuswa mtengo.

Zita nthawi imeneyo adali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Njira ya kuchitsime kwawo imadutsa pabwalo la sikola, ndipo m'mawa wina adatula ndowa, adatsuka chibeketecho ndi phulusa osauzidwa ndi munthu, n'kundifunsa kuti timizereto timatanthauzanji. Ndidamufotokozera mwachidule kuti andichoke pamaso. Mawa lake adabwera kudzandiuza kuti dzulo ndidawerenga molakwa, chifukwa kabotolo ndidakagwira mopendeketsa, ndiponso madzi amakwera pang'ono m'mbali mwa galasi, ndiye munthu aziyang'ana pakati. Mwana wopanda nsapato kundiuza ine zimenezo! Ndidapsa mtima, ndidayang'anitsitsa, ndipo ndidapeza kuti akunena zoona.

Kuyambira tsiku limenelo, zaka zinayi tsopano, sadaphonyepo m'mawa ngakhale umodzi. Malungo atamugwira adabwera atafunda gombeza. Tsiku loika maliro a bambo ake adabwera maso ali otupa, adalemba mamilimita asanu ndi awiri, n'kubwerera kusiwa. Mapepala onse aja munkalandira, manambala ake ndi a Zita. Changa ndi dzina lili m'munsilo.

Chibekete chimodzi sichidamukwane. Adatola zibekete zansomba zitatu zofanana, china adaika kudambo, china pamanda, china kuseri kwa phiri kwa azakhali ake, ndipo dzinja litatha adandiuza kuti kuseri kwa phiri mvula imachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Adandifunsa chifukwa chake. Ndidati ndi chifuniro cha Mulungu. Adavomera mwaulemu, n'kufunsa kuti nanga Mulunguyo amachita bwanji. Buku lokhalo la zachilengedwe limene ndili nalo limafotokoza bwino za chipale chofewa ndi kadulidwe ka mphesa, zinthu zimene kwa Kachikho sitidazionepo, ndipo mwanayo adalimaliza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Masiku ano akandifunsa funso ndimakumbukira mwadzidzidzi kuti ndikufunika kwa katekisita.

Ndiye chaka chatha mudandiitana ku Vila, mudandiimika pakhonde la sekeretariya pamaso pa aphunzitsi anzanga, n'kundipatsa dipuloma ya woyeza mvula wodalirika koposa m'Angoniya, pamodzi ndi botolo la vinyo. Mawu anu ndidawasunga. Mudati mapepala a kwa Kachikho akuonetsa mutu wa mwamuna wodekha, wobadwira siyensiya, ija anzathu a kutsidya kwa malire a pa Kalomwe amati sayansi, ndipo mudati mutu wotere dziko lisautaye. Ndidachita manyazi, Bwana, koma manyaziwo sadakule mpaka pobweza vinyo. Lero ndi pamene akula. Mutu mudautama uja ulipo ndithu, kungoti uli pakhosi la munthu wina, ndipo umamangidwa mpango.

CHACHIWIRI, ndikuthokozani chifukwa cha sirikulara yanu ya kabzalidwe, kalata ija mudatumiza m'midzi yonse m'chaka cha 1970 yolamula kuti mvula yoyamba ikangogwa, munthu aliyense akhale atabzala chimanga pofika pa 10 Novembulo. Ife osaphunzirafe tinkayesa kuti mbewu imamvera chinyontho. Inu mudatitsegula maso kuti imamvera tsiku la mwezi.

Chaka chimenecho mvula yoyamba idagwa pa 6 Novembulo, ija timaitcha chizimalupsa, yongozima fumbi ndi kununkhiritsa dothi. Zita adabwera kwa ine ndi kadereno kake, kabuku kolembamo kaja. M'bokosi la katekisita wathu adali atapeza mabuku akale momwe wansembe wina, amene adamwalira kalekale, adalembamo mvula ya zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwanayo adawakopera onse n'kuwerengetsa. Adandionetsa kuti pa zaka zonsezo, khumi ndi zitatu mvula yoyamba idatsatidwa ndi dzuwa la masabata awiri kapena atatu, lokwanira kuti chimanga chimere n'kupsa. Adati mvula yobzalira ndi imene ifike mamilimita makumi atatu m'masiku atatu, dothi n'kunyowa mpaka chikhatho chonse kulowa. Adali atakumba kale timaenje kuseri kwa sikola kuti aziona pomwe chinyontho chafika.

Amayi a kwa Kachikho sadadabwe nazo. Chizimalupsa adaleka kalekale kuchikhulupirira, kungoti adalibe manambala oti aonetse munthu wovala nsapato. Koma asipayi anu, apolisi a boma aja, adali akubwera kudzaona ngati lamulo latsatidwa, ndipo palibe amene ankafuna kubwera kuchokera ku Vila manja atatupa ndi kumenyedwa.

Tsono tamvani momwe tidakumverani. Pa 9 Novembulo mudzi wonse udatuluka kupita kuminda, makasu m'manja, nsengwa za mbewu m'chiuno, nyimbo pakamwa. Asipayi adakhala pa chulu akudya nthochi zomwe tidawakonzera. Amayi ankakhapa phando, n'kuwerama, n'kugwedeza dzanja monga amachitira wobzala, n'kufotsera ndi phazi. M'phandomo simunkagwa kanthu. Mayi ake a Zita, a Florinda, poti ndi munthu woopa bodza, ankaponyamo timiyala titatu titatu kuti mtima usawatsutse kwambiri. Tsiku lonse tidabzala mphepo, ndipo asipayi adabwerera akuyamika changu chathu.

Dzuwa lidaomba masiku makumi awiri ndi limodzi. M'midzi imene idakumverani ndi mbewu yeniyeni chimanga chidamera bwino, chidafota, n'kuuma, ndipo ena adachita kukapempha mbewu kwa abale awo ku Dedza. Pa 1 Dezembulo m'mawa Zita adawerenga kabotolo kake, adapisa dzanja m'kaenje, n'kukamenya chitsulo cha sikola. Tsiku limenelo ndi limene kwa Kachikho kudabzalidwa. Nkhokwe zathu chaka chimenecho tidachita kuzionjezera msinkhu. Inu mudalemba m'chikalata chanu cha pachaka kuti mudzi wa Kachikho ndi chitsanzo cha zomwe kumvera sirikulara kumabala, ndipo chikalatacho chidawerengedwa m'midzi ija idalibe chodya. Ngati pali mlandu apa ndi wanga, amayiwo musawavutitse. Umboni wake tidaudya kale.

CHACHITATU (a Justino, limbani mtima), ndikuthokozani chifukwa cha masamu atsopano.

Tsiku la mayeso a bolosa ndidamuperekeza Zita wapansi mpaka ku Vila. M'chipindamo mudali anyamata makumi atatu ndi mmodzi. Woyang'anira mayeso atamuona pakhomo adamupatsa tsache, kuyesa kuti ndi wodzasesa. Mwanayo, poti adaleredwa bwino, adasesa kaye chipinda chonse. Mipando idali yowerengera anyamata, choncho adakhala pansi pafupi ndi zenera n'kumalembera pabondo. Mayesowo amawerengedwa pa makumi awiri, ndipo Zita adapeza khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mwana amene mudamusankha, Artur, wa a Justino, adapeza khumi ndi chimodzi. Ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikunamiza ana a eni kuti 18 imaposa 11. Mukapeza mpata mutitumizire sirikulara yofotokoza tsiku lomwe manambalawa adasinthana malo, kuti tikonze mabuku.

Musandimve molakwa, Artur sindimuda. Ndi mnyamata waulemu, wa manja abwino, njinga yakufa amaidzutsa ndi waya ndi mpeni. Koma buku likangotsegulidwa, tulo timamupeza ngakhale kuli m'mawa. Iye mwini adapalasa njinga mpaka kuno, adakhala pakhonde panga, n'kundiuza misozi ili m'maso kuti za ku Tete sazifuna, akufuna kuphunzira kuyendetsa galimoto ya katundu, koma akuopa bambo ake. Ndiye cholembera chanu chaliza ana awiri ndi mzere umodzi wokha, luso losapezeka wamba. A Justino, pepani, mwadutsa. Imwani madzi tipitirize.

CHACHINAYI, ndikuthokozani chifukwa cha zifukwa zitatu zomwe mudatiuza pakamwa kudzera mwa mthenga wanu, poti mapepala adali osowa sabata imeneyo.

Choyamba, akuti msewu wa ku Tete ndi woopsa masiku ano, magalimoto amayenda mondondozana operekezedwa ndi asilikali, si njira yoti mtsikana ayendemo. Mtima wa ubambo umenewo wandikhudza. Kungoti chaka chino chokha atsikana anayi a kwa Kachikho adutsa msewu womwewo, pa magalimoto omwewo, kupita kukalera ana ndi kuchapa zovala za madona a ku Tete, ndipo ziphaso zawo zidadindidwa ku sekeretariya kwanu tsiku limodzi. Zikuoneka kuti zoopsa za mumsewuwu zimasankha: wonyamula kadereno zimamudikira, wonyamula mbereko zimamulambalala. Wamng'ono mwa anayiwo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Chachiwiri, akuti kusikolako kulibe nyumba yogona atsikana. N'zoona, ndipo ndamva kuti nyumbayo sidamangidwe chifukwa kulibe atsikana, pomwe atsikana kulibe chifukwa kulibe nyumba. Ndayesa kuizungulira nkhaniyi kufuna poyambira, ndangochita chizungulire. Koma musavutike nazo. Mlongo wanga Estele amagwira ntchito yochapa ku chipatala china ku Tete, ali ndi chipinda, ali ndi mphasa yapadera, ndipo ndi mayi wolusa kuposa mpanda uliwonse umene boma lingamange. Kalata yake yovomera kumusunga mwanayo ndidaiphatika ku kalata yanga yachiwiri. Mukatukula gome pang'ono muipeza.

Chachitatu, akuti siyensiya ndi yolemera, mutu wa mtsikana sungaisenze, ndipo m'malo mwake mwamupezera malo ku maphunziro a lavori, osoka ndi kuluka, a miyezi itatu. Apa ndiye ndaphunzira chinthu. Mutu umenewu ndimauona m'mawa uliwonse utasenza ndowa yodzaza kuchokera kuchitsime, ndimauona utasenza thumba la kachewere ulendo wa tsiku lonse wopita ku Kalomwe. Sindinkadziwa kuti katundu wolemera kuposa onsewo ndi buku la masamba zana limodzi. A Florinda amadziwa nyemba za mitundu isanu ndi inayi, iti imapirira mvula yambiri, iti imafuna dothi la pachulu, iti anankafumbwe amaiopa, ndipo chibadwire sadalembepo chilembo. Bambo wophunzira akabwera kuchokera ku Vila n'kuwafunsa zonsezo n'kuzilemba m'buku lake, pamenepo zimasanduka siyensiya, ndipo zimayamba kulemera.

Ndafunsafunsa za lavoriyo. Akuti amaphunzitsa kupeta maluwa pa nsalu yophimbira gome, ndi kupinda kansalu kopukutira pakamwa kuti kaoneke ngati mbalame. Ndi nzeru zofunika zedi, ndipo tsiku lomwe kwa Kachikho kudzafike gome loyamba tidzakukumbukirani. Bokosi la masingano ndi ulusi lija mudamutumizira ngati chopepesa lidafika, zikomo kwambiri. Ndiyenera kukuchenjezani kuti pa zosoka mwanayu ndi tsoka. Adandisokerapo malaya ong'ambika, ndipo pofuna kuvala ndidapeza dzanja lamanzere latsekedwa. Ulusi wanu adaupota kuti ulimbe, adaumanga mfundo zotalikirana mofanana, kunsonga n'kumangirirako mwala, ndipo Lolemba lililonse amautsitsira m'chitsime cha mudzi kuti aone momwe madzi akutsikira. Akuti zikapitirira chonchi, mvula isadabwere chitsimecho chikhala matope okhaokha. Amuna ayamba kale kukumba china kumunsi.

CHACHISANU si chothokoza, Bwana. Ndachitembenuza uku ndi uku kufuna pothokozera, sindidapapeze.

Kwathu kuno mwini wake wa mwana wamkazi ndi malume ake. Malume ake a Zita, a Pita, si munthu woipa. Zaka ziwiri zapitazo abale a mnyamata wina, Rafael, adabwera kudzafunsira mbeta, ndipo ine ndidapita kukawagwira mwendo a Pita kuti adikire mwanayo alembe kaye mayeso. Adadikira, anzawo akuwaseka pa mowa kuti akusunga mbeta ngati mbewu. Dzina litadulidwa adabwera kunyumba kwanga, chipewa m'manja, nati: "Apulofesolo, ine ndidakumverani. Mudati boma limufuna mwanayu. Tsono boma lakana, koma Rafael sadakane. Ndidikirenso chiyani? Akalambire pakhomo akusuzumira m'botolo?" Tidangogwirizana kuti galimoto ya pa 4 Setembulo ndiyo iweruze.

Rafael nayenso si chilombo. Ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka, amatutira anthu kachewere, samwa kwambiri, ndipo walonjeza kuti Zita azipitabe kukayeza mvula mpaka mwana woyamba atabadwa. Akuyesa kuti walonjeza chachikulu, ndipo kwa mwamuna wa kuno n'chachikuludi. Akadakhala munthu woipa, kalata ino ikadalembeka mosavuta.

A Florinda alibe mawu pamaso pa alongo awo. Koma ndikudziwa kuti adang'amba nsalu yawo ya Lamulungu n'kusoka kathumba ka ulendo, ndipo kali kobisika m'denga. Ndikudziwanso kuti m'kalasi mwanga mudali atsikana khumi ndi anayi, ambiri adabwera chifukwa amayi awo adaona chimanga chija. Chidulireni dzina lija, amayi a asanu anena kale kuti sikola ikatsegulira ana awo sabweranso. Mmodzi adandiuza panjira kuti ngati wopeza khumi ndi zisanu ndi zitatu akukathera pamtondo, wake wopeza zisanu ndi zinayi angoyambiratu kusinja. Zita yekha ndi amene sadasinthe. Chilimwe chino mvula kulibe, koma m'mawa uliwonse amabwerabe kudzasuzumira m'chibekete chouma n'kulemba ziro, akuti nayonso ndi nambala.

Zikundipweteka, Bwana. Ndaphunzitsa ana opitirira chikwi, ndipo wotereyu ndakumana naye mmodzi yekha. Ndidamubera dzina zaka zinayi iye osadandaula, ndipo ndinkadzitonthoza kuti pa pepala la mayeso padzakhala dzina lake, palibe amene adzamulande.

Tsono nali pempho langa, ndipo ndalichepetsa kuti likwane pa tsiku la munthu wotanganidwa. Tengani cholembera chija, mulembenso dzina la Zita Bonifasiyo pamwamba pa pomwe mudadula. Sizitenga nthawi yoposa yomwe mumatenga poyatsa fodya. Artur adzakudalitsani, ndipo a Justino m'kupita kwa nthawi adzapola.

Koma ngati nzeru zanu, zomwe zimaona patali kuposa zathu, zaona kuti n'zosatheka, sititsutsana nanu. Tingokhala ndi kapempho kena ka mwambo. Kwathu kuno ukwati suyenda popanda nkhoswe, munthu woimira mkazi, amene wavomereza kuti ukwatiwo uchitike ndipo amayankha pa zonse zotulukamo. Udindowu udayenera kukhala wa a Pita. Koma abale atakhala pansi aona kuti a Pita adachita kudikira zaka ziwiri, ndipo amene wamanga ukwatiwu ndi amene adagwira cholembera. Choncho banja lonse, mogwirizana ndi mwaulemu waukulu, lasankha inu.

Ntchito yake si yovuta kwa munthu wozolowera kulamulira. Loweruka pa 9 Setembulo mudzafika kwa Kachikho, tidzakuyalirani mphasa yatsopano, mudzapereka thadzi kwa akuchimuna n'kulandira tambala. Kuyambira pamenepo, akayambana m'nyumba adzatuma munthu kwa inu. Mwana akadwala, uthenga woyamba ndi wanu. Kukagwa zovuta, palibe amene adzagwire khasu inu musadafike. Maukwati a kuno amakhala zaka makumi anayi, ndipo nkhoswe sapuma pa ntchito, sasamutsidwanso kupita ku chigawo china.

Pa tsikulo nkhoswe amalankhula mawu ochepa olangiza mwana, anthu onse ali chete. Musavutike kukonza ambiri. Mwanayo ali ndi pempho limodzi lokha, limene adandiuza tsiku lomwe ndidamufotokozera kuti sapita. Sadalire, sadanyoze munthu. Adatsegula kadereno kake pa tsamba loyera, nati: "Apulofesolo, mundionetse pomwe ndidalakwitsa, ndikonze." Ine ndidayang'ana pansi, ndipo mwezi watha ndikuyang'anabe pansi.

Inu amene mudapaona polakwikapo, chonde, Bwana, bwerani mudzamuonetse.

Ine wochepetsetsa mwa antchito anu,

Basilio Kamtedza
Mphunzitsi, kwa Kachikho